Kandalama ka ku Normanby ndi mphika wa agogo

Mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ya unamwino ku England, atabwera kudzacheza kuno ku Kasungu pa Khirisimasi yapitayi anandipatsa kaenvulopu kakang'ono ka pepala lokhuthala, nandipempha kuti ndisakatsegulire pakhonde pamene ana anali kusewera. Titalowa m'nyumba anati, "Atsibweni, ndalamayi si yokongola ngati zimene mumasunga m'kabati zija, koma muyambe mwawerenga kapepala kali m'katimo musanandiseke." Ndinakhuthulira m'dzanja langa kandalama kofiirira, kakukula ngati batani la jekete, kopyapyala, kosazungulira bwino, kokhala ndi mng'alu waung'ono m'mphepete. Ndikanakaona pansi pamsewu wa ku depoti sindikanawerama n'komwe kuti ndikatole. Kapepalako kanali katayamba kusanduka kachikasu chifukwa cha kukhalitsa, ndipo panali mizere iwiri yolembedwa pamanja. Mzere woyamba unali ndi dzina la Tetricus I ndi zaka 271 mpaka 274, ndipo wachiwiri unali ndi mawu akuti "ex Normanby Hoard, 1985", kutanthauza kuti ndalamayi inachokera pa chuma chokwiriridwa chimene chinafukulidwa ku Normanby m'chaka chimenecho. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira kuti pakati pa kachitsuloko ndi kapepalako, chimene mwanayu analipira ndalama zake zambiri ndi chiti.

Ndinayamba kusonkhanitsa ndalama zakale zachitsulo ndili mphunzitsi wachinyamata, ndipo zambiri zimene ndili nazo ndi zathu zomwe zino. Ndili ndi makobidi obowoka pakati a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, aja ali ndi njovu ziwiri, amene anthu ankawatunga pachingwe kuopa kutaya. Ndili ndi ndalama zoyamba za Malawi wodzilamulira za 1964, sikisi ya tambala, sheleni ya chimanga ndi ya masheleni awiri ya njovu, komanso matambala oyambirira a 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi pa mtengo wa makwacha awiri pa paundi imodzi. Zonsezi ndinazipeza mwa apo ndi apo, ina m'chitini cha mabatani cha mayi wina wa kumpingo, ina kwa mwana wasukulu amene anaitola m'munda, ina kwa wogulitsa pagolosale amene anailandira molakwitsa. Ndikaziyala patebulo zimaoneka bwino, koma palibe ndi imodzi yomwe imene ndinganene kuti inagona kuti zaka zonse zija, ndipo kufikira posachedwapa sindinkaona kuti pamenepo pali vuto.

Normanby ndi malo a m'chigawo cha Lincolnshire ku England, ndipo mu 1985 kunapezeka ndalama zachiroma zoposa 47,000 zimene zinakwiriridwa pamodzi. Akatswiri a ku British Museum anaziwerenga, nazigawa malinga ndi mafumu ndi malo amene zinasulidwira, nasindikiza kaundula wake mu 1988, ndipo zambiri mwa izo zinagulitsidwa kwa amalonda. N'chifukwa chake munthu wamba ngati ine angathe kukhala ndi imodzi. Ndalama zatsopano kwambiri pa muluwo ndi za Carausius, amene analamulira Britain kuyambira 286 mpaka 293, ndipo zimenezo ndizo zimasonyeza kuti chumacho chinaikidwa pansi cha m'ma 290. Njira yowerengera imeneyi ndi yosavuta kuimvetsa: chuma sichingakwiriridwe ndalama yake yomaliza isanasulidwe, choncho ndalama yatsopano kuposa zonse ndiyo imauza wofukula chaka chimene mwini wake sakanatha kukumba dzenje chisanafike. Ndalama imodzi payokha singanene zimenezi. Zimatheka pokhapokha mulu wonse utawerengedwa usanabalalike.

Zilembo za pa kandalama kanga zinandivuta, ndipo amene anandithandiza ndi mtsikana wa pakhomo loyandikana nalo, amene anaphunzira Chilatini ku Kamuzu Academy ku Mtunthama. Anakayang'ana ndi galasi langa lokulitsira zinthu pafupi ndi zenera, nawerenga pang'onopang'ono kuti IMP C TETRICVS P F AVG, nandimasulira kuti ndi maina aulemu ofupikitsidwa, otanthauza mtsogoleri wa nkhondo, Kaisara Tetricus, woopa milungu, wamwayi, wolemekezeka. Mutu wa mfumuyo uli ndi ndevu ndipo wavala chisoti cha nsonga zofanizira kuwala kwa dzuwa. Kuseri kuli mayi woimirira atanyamula nthambi ya mtengo ndi ndodo yachifumu, ndi mawu akuti PAX AVG, mtendere wa mfumu. Mtsikanayo anaseka atafika pa mawu amenewa, ndipo anali ndi chifukwa, pakuti Tetricus anali mfumu yomaliza ya ufumu wogalukira Roma wa ku Gaul (dera la France wa lero), umene Postumus anayambitsa mu 260, ndipo mu 274 anagonja kwa Aurelian, mfumu ya ku Roma. Mwamwayi wake sanaphedwe, koma anapatsidwa udindo woyang'anira chigawo china kumwera kwa Italy.

Kandalamako ndi ka mtundu umene akatswiri amautchula kuti antoninianus, umene Caracalla, mfumu ya ku Roma, anayambitsa mu 215 uli ndi siliva pafupifupi theka. Pofika nthawi ya Tetricus siliva anali atatsika kufika posakwana magawo 5 pa 100 alionse, ndipo zotsalazo zinali mkuwa basi. Boma linkasula ndalama zambirimbiri zopanda mphamvu pofuna kulipira asilikali, ndipo n'chifukwa chake chuma cha m'zaka zimenezo chimapezeka m'miyulu yaikulu chotere. Ife amene tinagulapo buledi ndi matambala, kenako n'kuona tambala ikusanduka choseweretsa cha ana, sitifunika kufotokozeredwa zambiri pamenepa. Kunena mosabisa, ndalama ya Tetricus si yosowa ngakhale pang'ono, ndipo yopanda kapepala ingagulidwe motchipa kwambiri. Mwana wa mlongo wanga anandiuza kuti wogulitsayo anali ndi zina zooneka bwino kuposa iyi pa mtengo wotsikirapo, koma iye anasankha yokhala ndi mbiri.

Si chuma chilichonse chotchuka chimene munthu angagulepo kanthu, ndipo wosonkhanitsa ndalama zakale ayenera kudziwa zimenezi asanatulutse chikwama. Chuma cha ku Hoxne, ku Suffolk, chinapezeka mu November 1992 pamene Eric Lawes ankafunafuna hamala ya mnzake imene inatayika m'munda, pogwiritsa ntchito makina ofufuzira zitsulo pansi. Munali ndalama 14,865 zagolide, zasiliva ndi zamkuwa pamodzi ndi masupuni ndi zodzikongoletsera, ndipo zonsezo zinapita ku British Museum, amene analipira mapaundi 1.75 miliyoni kwa wopezayo, ndipo iye anagawana ndi mnzake uja, mlimi amene ankachita lendi mundawo. Hamala ija nayo inapezeka ndipo ikusungidwa komweko. Chuma cha ku Frome, chimene Dave Crisp anapeza mu 2010, chinali ndi ndalama 52,503 mu mtsuko umodzi, zolemera makilogalamu pafupifupi 160, ndipo chonsecho chili ku Museum of Somerset ku Taunton. Munthu akakuuzani kuti akugulitsa ndalama ya ku Hoxne kapena ya ku Frome, ndiye kuti akunama kapena waba.

Nkhani ya ku Frome ndimaikonda pa chifukwa china. Dave Crisp atangoona kuti pansipo pali mtsuko wodzaza, analeka kukumba, nakwirira dzenjelo, nakaitana akatswiri. Iwo anachotsa ndalamazo mosanjikiza, kuyambira pamwamba kutsikira pansi, akulemba zimene zinali pa msinkhu uliwonse, ndipo anazindikira kuti mtsukowo unali wopyapyala kwambiri moti sukanatha kunyamulidwa uli wodzaza. Ndiye kuti unayamba waikidwa m'dzenje, ndalama n'kumathiridwamo pambuyo pake. Akanausolola ndi khasu tsiku lomwelo, ndalama zonse 52,503 zikanakhalapobe, koma chinthu chimenechi sichikanadziwika konse. Malamulo a ku England, makamaka Treasure Act ya 1996, amakakamiza wopeza chuma chotere kuti akanene, ndipo amamulonjeza malipiro a mtengo wake ngati nyumba yosungiramo zinthu zakale ikuchifuna. Ndiona kuti lonjezo la malipirolo ndilo limachititsa anthu kunena zoona, koposa kuopa chilango.

Ku America zinthu zimayenda mwamalonda kwambiri. Mu 2013 banja lina ku California, likuyenda ndi galu pamalo ake omwe, linapeza zitini zisanu ndi zitatu zadzimbiri zokhala ndi ndalama zagolide 1,427 za zaka za 1847 mpaka 1894. Mtengo wolembedwa pa ndalamazo unali pafupifupi madola 28,000, koma akatswiri anati zingagulitsidwe pa madola pafupifupi 10 miliyoni. Chumachi chinatchedwa Saddle Ridge Hoard, ndipo kampani ya PCGS inayesa ndalama iliyonse, naitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kosatsegulika, kokhala ndi nambala yakeyake ndi dzina la chumacho. Zaka zambiri m'mbuyomo, LaVere Redfield wa ku Reno, amene anamwalira mu 1974, anasiya madola asiliva oposa 400,000 m'chipinda chapansi cha nyumba yake, ndipo mu 1976 anagulitsidwa onse pamodzi pa madola 7.3 miliyoni. Mpaka lero dola yokhala m'chikutiro chake choyambirira cha Redfield imagulidwa mokwera kuposa inzake yofanana nayo yopanda chikutiro. Mlimi aliyense wa fodya wa kuno amene anaperekapo mabelo ku okushoni ku Chinkhoma akudziwa mmene zimenezi zimakhalira, chifukwa belo limayenda ndi tikiti yake yokhala ndi nambala ya mlimi, ndipo tikitiyo ikathothoka, fodyayo angakhale wabwino chotani, mavuto ayamba.

Komatu kapepala aliyense angathe kulemba, ndipo nkhani yokoma aliyense angathe kupeka. Zimenezi ndinaziphunzira ndalama zitandichokera m'thumba. Zaka zingapo zapitazo kunabwera bambo wina pakhomo panga, atamva kuti ndimagula ndalama zakale, natulutsa m'kansalu rupiya yokhala ndi mutu wa Kaiser Wilhelm II, mfumu ya Ajeremani, atavala chisoti cha chiwombankhanga. Anandiuza monong'ona kuti inachokera m'bokosi limene Ajeremani anakwirira cha ku Karonga pa nkhondo ya 1914, ndi kuti zinzake zinali zitapita kale kwa ogula a kunja. Nkhaniyo inali ndi pogwira, chifukwa ku Karonga kunamenyedwadi nkhondo mu September 1914, ndiponso Ajeremani anasuladi ndalama zawo ku East Africa, kuphatikizapo zagolide za marupiya 15 zokhala ndi njovu zimene anapanga ku Tabora mu 1916. Ndinalipira ndalama zokwanira thumba la feteleza, mayi a kunyumba asakudziwa. Patapita masiku ndinabwereka kasikelo ka magalamu, ndipo m'malo mwa magalamu 11.66 amene rupiya yeniyeni yasiliva imalemera, yanga sinafike ndi 10 omwe. Nditaiyandikiza ku maginito a sipika ya wailesi yakale, inadumpha n'kukakamira, pamene siliva sakokedwa ndi maginito. Ndikuisungabe m'kaenvulopu kakekake, ndipo ndinalembapo kuti ndi yabodza kuopa kuti ana anga angadzapusitse nayo munthu wina mosadziwa.

Chifukwa cha chimenecho, kandalama ka ku Normanby sindinakalandire ndi maso otseka. Ndinapempha lisiti la sitolo imene kanagulidwa, ndipo lilipo, lili ndi chithunzi cha ndalama yomweyi, mng'alu wake uli pamalo pomwepo. Kulemera kwake, magalamu awiri ndi theka, kukugwirizana ndi ndalama za mtundu wake, ndipo ndalama za Tetricus ndi zina mwa zimene zinali zochuluka pa chumacho. Kapepala kakale, lisiti latsopano ndi chitsulo chenichenicho zikunena chinthu chimodzi, ndipo pa ndalama yotchipa chotere wonyenga sangapindule kanthu podzivutitsa kupeka zonsezo. Kumene mtengo uli wokwera ndiko kumene umboni uyenera kukhala wolimba koposa, monga nambala ya pakabokosi imene munthu angaifufuze pa intaneti, kapena chithunzi cha m'kabuku ka okushoni yakale. Zonse zitatu ndimazisunga pamodzi, ndipo ndawauza a m'nyumba mwanga kuti asadzazilekanitse.

Chimene chandipweteka kwambiri m'miyezi imeneyi, komabe, si rupiya yabodza ija. Ndi mphika wa agogo anga. Kwathu ndi cha ku Chamama, ndipo agogo aamuna, bambo a mayi anga, anagwira ntchito zaka zambiri m'mapulazi a ku Southern Rhodesia, kumene anthu a kuno ankangoti ku Halale. Anabwerako asanasanduke mtchona, namanga nyumba, nalima fodya, ndipo anamwalira mwadzidzidzi nyengo ina ya dzinja osasiya mawu alionse. Zaka pafupifupi 20 zapitazo anyamata a pamudzipo ankakumba dothi loumbira njerwa pabwinja pamene panali nyumba yawo, ndipo khasu linaphwanya kamphika kovundikiridwa ndi phale. Munali ndalama zachitsulo zokutidwa m'nsanza zimene zinali zitaola. Ine ndinali kusukulu kumene ndinkaphunzitsa, ndipo uthenga unandipeza patapita sabata ziwiri. Pofika kumudzi ndinapeza kuti anyamatawo anagawana ndalamazo pomwepo, ena anazikwecha ndi phulusa ndi mandimu kuti ziwale, ndipo zambiri zinali zitagulidwa kale ndi munthu wina wa panjinga amene ankayendayenda m'midzi kufuna zitsulo zakale. Palibe amene anaziwerenga. Wina ankati zinadzaza mbale ya ndiwo, wina ankati zinali zochuluka kuposa pamenepo. Mapale a mphikawo anatayidwa m'dothi lomwelo, ndipo mwina lero ali m'kati mwa khoma la nyumba ya munthu.

Ndinapulumutsako zitatu zokha. Yoyamba ndi sheleni ya Southern Rhodesia ya 1937, yokhala ndi mutu wa George VI ndi mbalame yamwala ya ku Great Zimbabwe kuseri kwake. Yachiwiri ndi ya masheleni awiri ya dziko lomwelo, yokhala ndi mphalapala, imene anaikwecha kwambiri moti nkhope ya mfumu inasalala ngati sopo wotha. Yachitatu ndi hafu koloni ya ku Britain ya George V. Zonse zitatu ndi zasiliva, ndipo apa ndi pamene mtima umandiwawa, chifukwa kuyambira 1947 Britain ndi Southern Rhodesia anasiya kuika siliva m'ndalama zimenezi nayamba kugwiritsa ntchito kopa wosakaniza ndi nikelo. Mphika wonse ukanawerengedwa, tikanaona ngati agogo ankasankha dala zasiliva n'kumagulira zinthu zatsopanozo, monga mmene anthu amachitira kulikonse ndalama ikayamba kupepuka. Tikanaonanso chaka cha ndalama yomaliza, ndipo chikanatiuza ngati anakwirira mphikawo atangobwera kumene kapena ankauwonjezera chaka ndi chaka akagulitsa fodya. Munthu wa ku Normanby amene anakwirira chuma chake zaka 1,700 zapitazo, amene dzina lake silinalembedwe paliponse, tingamufotokoze bwino kuposa mmene ndingafotokozere agogo anga enieni pa nkhani ya ndalama zawo.

Sindikuwaimba mlandu anyamata aja, chifukwa panalibe amene anawauzapo kuti kuwerenga ndi kulemba n'kofunika kuposa kukwecha. Ngakhale ine mphunzitsi, tsiku limenelo ndinangodandaula za ndalama zimene zinapita, osaganiza zofunsa mafunso anthu akadakumbukira bwino. Dziko lathu lili ndi lamulo la Monuments and Relics Act loteteza zinthu zakale, lomwe limaletsanso kuzitulutsa kunja popanda chilolezo, ndipo pali nthambi ya boma yoona za zinthu zakale imene munthu angaidziwitse akafukula kanthu. Koma kumudzi lamulo limeneli silidziwika, ndipo munthu wapanjinga amafika msanga ndi ndalama m'manja. Amene angapeze mphika wotere ndingomupempha kuti ajambule ndi foni usanasunthidwe, awerenge zonse, alembe zaka zake, asunge mapale ndi nsanza zomwe, ndipo asakweche kanthu, popeza kukwecha kumachotsa khungu la ndalama limene ogula ndi akatswiri amaliyang'ana poyamba.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi ndi ndalama zitatu zija, kope latsopano ndi timaenvulopu titatu, kuti ndikalembe timapepala tawo monga mmene wina analembera ka ku Normanby. Amene watsala mwa ana a agogo ndi amayi aang'ono okha, ndipo maso awo ayamba kuchita khungu, koma mutu ukugwira bwino. Tinakhala pamphasa kuseri kwa chigafa, ndipo ndinawaika sheleni ija m'manja. Anaisisita ndi chala kwa nthawi, kenako anati, "Abambo ankaigwetsa pamwala kuti amve kulira kwake. Ikalira bwino ankaiika padera, ikalira mogonthera ankatipatsa kuti tikagule mchere." Ndinalemba mawu amenewo monga anawanenera, ndi tsiku lake. Kenako ndinawawerengera zimene ndinali nditalemba kale pa kapepala koyamba, kuti ndalamayi inapezeka mu mphika pansi pa chipinda chogona cha agogo, pakuti ndi mmene anyamata aja anandiuzira.

"Iyayi mwanawe, fufuta pamenepo," anatero amayi aang'ono. "Pamene anakumba paja sipanali nyumba. Panali nkhokwe ya mawere, ndipo ife ana ankatiletsa kusewera pansi pake, amati pali njoka." Ndinafufuta mzerewo, ndinalemba za nkhokwe ya mawere, ndipo pansi pake ndinaonjezera za njoka ija.